HMRC ikakubwezerani msonkho, ndalamayo ipite kuti?

Chaka cha msonkho ku Britain chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chinacho. Chikatha, bungwe lotolera misonkho la HMRC limakhala pansi n'kuwerengetsa: munthu uyu walandira zingati chaka chonse, amayenera kupereka zingati, nanga abwana ake amudula zingati? Zikapezeka kuti anadulidwa zopitirira muyeso, limamulembera kalata yotchedwa P800, ndipo makalatawa amayamba kufika cha mu Juni kupita m'tsogolo. Abale athu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene analowa m'dzikolo kukasamalira odwala ndi okalamba, kuyambira mu Febuluwale 2022 pamene boma linatsegula khomo la ntchitoyi kwa obwera, aionapo kalata imeneyi. Wina imamuuza za mapaundi mazana angapo, wina kupitirira chikwi. Akangoiwerenga mutu umayamba kuzungulira, nsapato zija, foni ija, malata a mayi aja, zonse zimabwera nthawi imodzi.

Choyamba timvetsetsane kuti ndalamayi yachokera kuti, chifukwa zochita nayo zikudalira pamenepo. Boma silinakupatseni mphatso. Awa ndi malipiro anu, a maola amene munagwira usiku, a Loweruka ndi Lamlungu limene simunapume, amene anadulidwa molakwika n'kusungidwa kwa miyezi yambiri. Katswiri wa zachuma Richard Thaler, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2017, anaonetsa kuti anthu timaika ndalama m'matumba osiyanasiyana m'mutu mwathu molingana ndi kumene zachokera: ya malipiro timaisamala, yobwera mwadzidzidzi timaimwaza. Paundi ya pa P800 ndi yofanana ndi paundi ya pamapeto pa mwezi. Munaikhetsera thukuta chimodzimodzi.

Mmene zimakhalira kuti akudulani zambiri

Munthu wokhala ku Britain ali ndi gawo la malipiro limene salidula msonkho. Kuyambira mu 2021 gawoli ndi £12,570 pachaka. Zopitirira apo, mpaka £50,270, amadula 20 peresenti ku England, Wales ndi Northern Ireland; ku Scotland magawo ake ndi osiyana pang'ono. Abwana sawerengera zimenezi pamtima. Amatsatira nambala ya msonkho imene HMRC yawapatsa, ndipo nambalayo imaoneka papepala la malipiro anu mwezi uliwonse. Ya anthu ambiri ndi 1257L. Ikakhala yokhayokha, kompyuta imayang'ana chaka chonse kuyambira Epulo: ngati miyezi yam'mbuyo simunagwire ntchito, gawo losadulidwa la miyezi imeneyo limakusungikirani.

Vuto limabwera munthu akayamba ntchito alibe pepala la P45 lochokera kwa abwana akale, zimene zimachitikira pafupifupi aliyense wongofika kumene. Pamenepo akhoza kuikidwa pa nambala yongoyembekezera, yokhala ndi W1, M1 kapena X kumapeto. Nambala yotereyi imaona mwezi uliwonse paokha, osakumbuka za m'mbuyo. Ena amaikidwa pa BR, kutanthauza 20 peresenti pa paundi iliyonse popanda gawo losadulidwa, kapena pa 0T, imene nayonso ilibe gawo losadulidwa.

Tiyerekeze mayi amene wafika mu Okutobala, akulandira £2,000 pamwezi asanadulidwe kanthu. Pofika kumapeto a Malichi walandira £12,000. Imeneyi sinafike pa £12,570, choncho msonkho wake wa chaka chimenecho umayenera kukhala ziro. Koma ngati anali pa 1257L M1, mwezi uliwonse amamusiyira pafupifupi £1,048, n'kudula 20 peresenti pa zotsalazo, pafupifupi £190. Pa miyezi isanu ndi umodzi imeneyo ndi £1,140 ndi kakuti. Akanakhala pa BR akanamadulidwa £400 pamwezi, zonse pamodzi £2,400. Ndalama yonseyo ndi yobwerera kwa mwini wake. National Insurance, ndalama ina imene boma limadula pamalipiro pambali pa msonkhowu, yokha siyenda motero: imawerengedwa pa malipiro a sabata kapena mwezi umenewo basi, ndiye musaiyembekezere pa P800.

Pali njira ina imene anthu amaluzira ndalama osadziwa, ndipo iyi HMRC siingaidziwe yokha mukapanda kuiuza. Ngati mumachapa nokha yunifolomu ya kuntchito, muli ndi ufulu woti £60 pachaka isadulidwe msonkho, ndipo kwa anamwino ndi othandizira odwala ndi £125. Zindikirani kuti sakupatsani £125 yonseyo, amakubwezerani msonkho wake, womwe ndi £25. Yaikulu ndi ya galimoto. Wosamalira anthu m'makomo mwawo, amene amayenda pa galimoto yake kuchoka kwa gogo uyu kupita kwa gogo uyo, ali ndi mlingo wa boma wa ndalama yosadulidwa msonkho; umene linaika mu 2011 unali wa 45p pa mailo iliyonse ya mamailo 10,000 oyamba ndi 25p pa otsatirawo. Pa mlingo umenewo, abwana akamakulipirani 25p pa mailo, mukhoza kupempha kuti akubwezereni msonkho wa 20p yotsalayo. Pa mamailo 6,000 imeneyo ndi £1,200, ndipo msonkho wobwerera ndi £240. Ulendo wochoka kunyumba kupita pamalo amodzi a ntchito tsiku ndi tsiku suwerengedwa. Anamwino akhozanso kupempha pa ndalama imene amalipira chaka ndi chaka ku bungwe lawo la NMC. Fomu yake ndi P87, ndipo kuyambira mu Okutobala 2024 HMRC imafuna umboni pa zopempha zambiri zoterezi, choncho kabuku kolembamo maulendo kasakusoweni m'galimoto.

Musanaidye, tsimikizani kuti ndi yanu

Pa P800 pamalembedwa zimene HMRC ikukhulupirira kuti munalandira. Yerekezerani manambalawo ndi a pa P60, pepala limene abwana amayenera kukupatsani pofika pa 31 Meyi. Ngati munagwira ntchito ziwiri koma kalatayo ikutchula imodzi, ndiye kuti mawerengedwewo ndi operewera, ndipo tsiku lina adzabwera kudzaitanitsa ndalama yawo inu mutaimangira kale khonde kumudzi. Yang'ananinso nambala ya msonkho ya chaka chino. Ngati idakali yolakwika, akupitiriza kukudulani mwezi ndi mwezi, ndipo kuikonza kumangofuna kulowa mu akaunti yanu ya msonkho pa gov.uk kapena pa app ya HMRC.

Kupempha ndalamayi n'kwaulere. Kale ankangotumiza cheke, koma kuyambira kumapeto a Meyi 2024 anthu ambiri amayenera kuipempha okha pa intaneti, ndipo imalowa kubanki m'masiku asanu ogwira ntchito. Mukasankha cheke mudikira masabata angapo. Ndikutsindika zaulerezi chifukwa pa Facebook padzaza makampani olonjeza kukutolerani msonkho wanu. Ntchito yawo ndi yofanana ndi ya madobadoba amene amaima panja pa ofesi ya boma kwathu, kukulembera fomu imene ukanalemba wekha, kenaka n'kutengapo gawo lalikulu, ena kufika limodzi mwa magawo atatu kapena kuposa. Anthu ankasaina mapepala opereka umwini wa ndalama yawo kwa makampaniwa osadziwa, mpaka boma linathetsa mapangano a mtundu umenewo mu Malichi 2023. Makampaniwo alipobe, ndipo ngati alemba zabodza m'dzina lanu, wobweza ndalamayo ndinu. Palinso akuba enieni, otumiza uthenga pafoni kapena pa imelo wonena kuti dinani apa mulandire msonkho wanu, n'kukufunsani manambala a khadi la kubanki. HMRC siitanitsa manambala a khadi mwanjira imeneyo. Uthenga wotere ukabwera pafoni, utumizeni ku 60599 n'kuufufuta.

Ngongole zimasiyana ukali

Ndalama yalowa. Ngati muli ndi ngongole, yambani mwaziika m'ndondomeko, ndipo ya chiwongoladzanja chachikulu si nthawi zonse imakhala yoyamba. Alangizi a ngongole ku Britain amaika patsogolo ngongole zimene zotsatira zake ndi zoopsa: lendi yotsalira, chifukwa mukhoza kutulutsidwa m'nyumba, msonkho wa kukhonsolo, chifukwa khonsolo ikapita kukhoti imatumiza anthu odzalanda katundu kapena kudula pamalipiro anu, magetsi ndi gasi. Zimenezi zikakhala bwino, m'pamene mumayang'ana chiwongoladzanja.

Masamu ake ndi achidule. Khadi la ngongole limene likudula 24 peresenti pachaka limakudyerani pafupifupi £240 pa £1,000 iliyonse. £1,000 yomweyo mutaisunga kubanki pa 4 peresenti ingakubalireni £40. Kubweza ngongoleyo ndiye phindu lalikulu limene mungapeze popanda kuika ndalama pachiswe. Kutapa mu akaunti kupitirira zimene zilimo n'kokwera mtengo kuposa apo, mabanki ambiri akuluakulu amadula pafupifupi 40 peresenti.

Pali ngongole ina imene alangizi a ku Britain saidziwa, koma ife timaidziwa bwino. Ambiri anapita kunjako ndi ndalama yobwereka: ya tikiti, ya viza, ina yolipira anthu amene anawapezera malo a ntchito. Ina inachokera kwa amalume, ina kubanki m'khonde, ina ndi katapila weniweni. Ya katapila ithetseni msanga ndithu, chifukwa imakula mwezi ndi mwezi ndipo amene akugogoderedwa chitseko ndi makolo anu. Ya achibale ilibe chiwongoladzanja cholembedwa, koma imadya ubale. Amalume amene anagulitsa ng'ombe kuti inu mukwere ndege akamva kuti mwagula foni yatsopano iwo asanaone kalikonse, nkhani imeneyo siidzatha pabanjapo. Ngakhale theka lokha, limodzi ndi mawu omveka a tsiku limene mudzamalize, limachita zambiri. Ngongole za ku Britain zikakukulirani, StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice amathandiza kwaulere.

Masiku 60

Apa ndi pamene malangizo wamba a zachuma amaperewera kwa munthu wa viza. Mbadwa ya ku Britain ikachotsedwa ntchito imapita kukalembetsa Universal Credit. Viza ya ntchito imaletsa kulandira thandizo la boma lotere. Msonkho wobwezedwa suli m'gulu loletsedwalo, ulandireni mtima uli m'malo, koma dziwani kuti ntchito ikatha palibe amene adzakulipirireni lendi. Komanso vizayo ndi yomangirira kwa abwana amene anakuitanani. Iwo akalandidwa chilolezo cholemba anthu akunja, kapena akakuchotsani, Home Office, unduna woona za olowa m'dziko, imafupikitsa viza yanu, kawirikawiri kufika masiku 60, kuti mupeze abwana ena kapena mutuluke m'dzikolo. Zimenezi zachitikira anthu ochuluka: boma linanena kuti pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024 linalanda zilolezo zopitirira 470 m'gawo losamalira anthu lokha. Ambiri mwa ogwira ntchitowo sanalakwe kanthu. Anangodzuka tsiku lina n'kumva kuti kampani yawo ilibenso chilolezo.

N'chifukwa chake ine ndimati, kwa munthu amene alibe ngongole zoopsa zija, malo oyamba a ndalamayi ndi akaunti yosungira imene mungatapemo tsiku lililonse, yosiyana ndi imene mumagulira zakudya. Cholinga chikhale lendi, chakudya ndi mayendedwe a miyezi iwiri, kenaka itatu. Munthu amene ali ndi ndalama ya miyezi iwiri amatha kukana maola ophwanya pangano, amatha kufunsa chifukwa chake malipiro aperewera, amatha kukwera sitima kupita ku Leeds kapena ku Bristol kukayesedwa ntchito ina. Amene alibe amangoti chabwino bwana. Ndaona kuti anthu amachita manyazi kusunga ndalama kunjako pamene kwawo kuli mavuto, amadziona ngati aumbombo. Koma banja lonse likudalira kuti inu mukhalebe pantchito ndi mapepala abwino. Kusunga kumeneku n'kuteteza iwo omwe.

Pambali pa zadzidzidzi, pali zolipira zimene tsiku lake mukulidziwa kale. Viza imafuna kuwonjezeredwa. Chilolezo chokhala m'dzikolo mpaka kalekale chinakwera kupitirira £3,000 pa munthu mmodzi mu Epulo 2025, ndipo banja la anthu anayi lilipira kanayi. Malamulo a olowa m'dziko akusinthasintha: mu Malichi 2024 analetsa osamalira anthu obwera kumene kubweretsa mabanja awo, mu Julayi 2025 anatseka kulemba anthu a ntchitoyi kuchokera kunja. Amene ali kale mkatimo ayenera kukhala ndi kangachepe pambali kolipirira chilichonse chimene chingabwere.

Nanga kumudzi?

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo palibe amene anapita ku Britain kuti akadye yekha. Funso ndi lakuti ndalamayo ikafika kwathu ikhale chiyani. Kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Wotumiza mapaundi kuti akasungidwe m'makwacha podikira tsiku lomanga nyumba amakhala akuluza mwezi uliwonse. Ngati ntchitoyo sinayambe, ndalamayo idikire m'mapaundi. Ikayamba, tumizani ya gawo limodzi panthawi, ndipo isanduke chinthu sabata yomweyo: njerwa, malata, fizi ya teremu yolipiridwa kusukulu komweko, risiti n'kujambulidwa.

Nthawi imene makalata a P800 amafika imagwirizana bwino ndi nyengo ya kwathu. Juni ndi Julayi anthu amakhala atangokolola, chimanga chimatsika mtengo poyerekeza ndi Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zauma. Matumba ogulidwa nthawi imeneyo n'kuthiridwa mankhwala amachepetsa mafoni a njala odzabwera m'dzinja, amene amakupezani inunso muli pakati pa kuzizira ndi mabilu okwera a gasi. Feteleza wogulidwa mvula isanayandikire amapulumutsa banja ku mizere ndi mitengo ya mu Novembala. Simenti yokha musafulumire nayo, imauma ikakhalitsa.

Potumiza, yerekezerani ndalama imene ikafike m'manja mwa wolandira, osangoyang'ana mtengo wotumizira, chifukwa makampani ena amabisa phindu lawo mu mlingo wosinthira. Mukuru, WorldRemit ndi ena otero amafikitsa ndalama ku Airtel Money, ku Mpamba kapena kubanki. Ndikudziwa kuti anthu amakopeka ndi osintha ndalama apambali chifukwa cha kusiyana kwa mitengo. Njira imeneyo ndi yosemphana ndi malamulo, ndipo munthuyo akazimitsa foni mulibe kokadandaula.

Chinthu china chovuta kuchinena koma chofunika: simukakamizidwa kulengeza pagulu la WhatsApp la banja kuti mwalandira ndalama. Kambiranani ndi akunyumba kwanu, gwirizanani kuti kumudzi kupita zingati ndipo zikagwire ntchito yanji, kenaka tumizani. Zikamveka ndalama isanagawidwe, zopempha zimachuluka kuposa ndalamayo, ndipo amene mwamukana amakhumudwa kwambiri kuposa akanapanda kumva.

Kwa amene zonsezi zili m'malo

Ngati mulibe ngongole, ya miyezi itatu ilipo, ya viza ilipo, mukhoza kuganiza zakutsogolo. Akaunti ya ISA imalola kuti phindu lisadulidwe msonkho. Penshoni ili ndi ubwino wakuti £80 imene mwaikamo boma limaikwanitsa kukhala £100, koma simungaikhudze musanafike zaka 55, ndipo kuyambira mu 2028 zidzakhala 57. Chenjerani ndi Lifetime ISA, imene achinyamata amalimbikitsana chifukwa boma limawonjezera 25 peresenti pa ndalama yofika £4,000 pachaka. Bonasiyo ndi yogulira nyumba yoyamba ku Britain komweko kapena yodikira zaka 60. Mukaitapa kuti mukamange ku Area 49 kapena ku Chipata, amadula 25 peresenti ya zonse: mwaika £1,000, yakhala £1,250, mulandira £937.50. Maphunziro okweza ntchito, kapena laisensi yoyendetsera galimoto ya ku Britain kwa amene sanaipeze, nthawi zambiri amabweza ndalama msanga kuposa akaunti iliyonse.

Kudzisangalatsa nakonso kuli ndi malo ake. Munthu wagwira chaka chonse akunyamula anthu, akudzuka kunja kuli mdima. Patulani kagawo kodziwika, kaya limodzi mwa magawo khumi, mugule jekete lofunda bwino kapena mutenge ana kukaona nyanja, ndipo musadziimbe mlandu. Kuipa kumabwera kagawoko kakapanda malire, ndalama ikangokhala mu akaunti ya tsiku ndi tsiku n'kumatha pang'onopang'ono osaoneka chimene yagula. Tsiku limene yalowa, isamutseni yomweyo kupita kumene mwaikonzera.

Okwatirana ayang'anenso Marriage Allowance: ngati mmodzi amalandira zosafika £12,570 ndipo mnzake amadulidwa 20 peresenti, akhoza kusamutsa £1,260 ya gawo lake losadulidwa, banja n'kupulumutsa mpaka £252 pachaka. Amene akubwerera kwawo pakati pa chaka cha msonkho alembe fomu ya P85, chifukwa kawirikawiri amakhala atadulidwa ngati agwira chaka chonse, ndipo asafulumire kutseka akaunti yawo ya kubanki ya ku Britain ndalamayo isanalowe. Zopempha zonsezi zili ndi malire a zaka zinayi kuchokera pamene chaka cha msonkhocho chinatha. Za chaka chimene chinatha pa 5 Epulo 2023 zikhoza kupemphedwa mpaka pa 5 Epulo 2027, za chaka chotsatira mpaka pa 5 Epulo 2028, ndipo tsikulo likadutsa HMRC siibwezanso.